Ndiwo Zoyera

Ababa anachotsedwa ntchito chaka chimene kampani yawo inagulitsidwa, ine ndili giredi seveni. Kuyambira pamenepo tinkadalira dimba. Linali ku dambo, kuseri kwa komboni yathu ya Chawama: mabedi khumi ndi awiri a repu, chainizi ndi chibwabwa, ndi chitsime chimodzi chimene ankagawana ndi a Blackson, amene dimba lawo linachita malire ndi lathu. Feteleza anali atakwera mtengo kalekale, choncho Ababa ankathira zitosi za nkhuku zimene ankakatenga pa wilibala kwa munthu wina woweta nkhuku cha ku msewu wa Kafue. Zitosizo sankazikonda. Akamaliza kuthira ankasamba m'manja kangapo, kusintha malaya, kenako n'kupemphera. Masamba athu ankatuluka ang'onoang'ono, obookabooka ndi mbozi, ndipo pamsika anthu ankayamba atha kaye a anzathu.

Ku Chawama ambiri sankawadziwa Ababa ngati mlimi. Ankawadziwa ngati a Hakim ozinga nyama. Pakakhala ukwati kapena maliro, ngakhale kwa Akhristu, ankawaitana kuti akazinge mbuzi kapena nkhuku, n'cholinga choti Asilamu obwera kumeneko adye mosakayika. Munthu akangonena kuti "azinga ni ba Hakim", palibe ankafunsanso china. Ntchito inatha, njinga anagulitsa, koma chimenechi chinawatsalira.

M'chaka cha 2002 ndinali nditamaliza giredi thwelofu ndipo ndinkangokhala panyumba. Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti kunabwera a Magdalene, amene kale tinkayandikana nyumba asanasamukire ku Bauleni. Ankagwira ntchito yophika kwa mzimayi wina wachizungu ku Kabulonga.

"Ba Hakim, madamu wanga afuna repu yanu," anatero asanakhale n'komwe. "Anaona ija munanipasa. Akuti nimuletele uyo munthu."

"Ija ya mabowo?" anafunsa Ababa.

"Yamene iyo. Musanifunse ine, ni vinthu va bazungu. Mubwele na Nusra, kaili ni wophunzila. Chizungu cha uja mukazi chithamanga monga minibasi yachedwa."

Tinapita Lachitatu, titanyamula mitolo isanu m'beseni. A Magdalene anatitsegulira geti n'kubwerera kukhitchini. Madamuyo anatilandirira kuseri kwa nyumba, kumene anali ndi matebulo awiri ndi sikelo. Anati Loweruka lililonse anzake amabwera kudzagula ndiwo ndi mazira pamenepo. Anatenga tsamba limodzi la repu wathu, n'kuliyang'anitsa padzuwa, kuwala kukudutsa m'mabowo. Ndinaona Ababa akuweramitsa mutu. Madamuyo anamwetulira n'kuyamba kulankhula.

Kusukulu Chingerezi ndinkachikhoza, koma chinali cha papepala. Ichi chinkatuluka m'mphuno, mawu atalumikizana onse. Liwu limodzi linkabwerabwera: oganiki. Ndinkalidziwa kuchokera m'buku la kemisitiri, mutu wa kaboni, ndipo sindinkaona kuti likugwirizana bwanji ndi repu. Liwu lina limene ndinatolapo linali kilini, ndipo kenako anatchula poizoni uku akupukusa mutu. Atamaliza anandiyang'ana kudikira kuti ndimasulire. Ababanso anandiyang'ana, mmene ankandiyang'anira ndikabwera ndi lipoti la kusukulu.

Ndikanatha kunena kuti sindinamve, abwereze. Galu wamkulu anali atagona pafupi ndi matebulo, ndipo ndikukumbuka kuti ndinkayang'ana iyeyo.

"Akufuna ndiwo zoyera," ndinatero. "Zaukhondo, zopanda choipa chilichonse. Akuti azitenga mabedi atatu, Lachisanu lililonse, kuyambira mwezi wamawa."

Madamu anafunsanso china, ndipo ichi ndinachimva bwino.

"Akufunsa ngati mungalonjeze."

Ababa anaika dzanja pachifuwa. "Uwauze kuti ndalonjeza. Uwauze afunse aliyense ku Chawama za Hakim."

M'minibasi pobwerera, titadutsa Kamwala, Ababa anati, "Waona? Wamva fungo la zitosi pamasamba paja, koma ndi munthu waulemu, sanafune kutichititsa manyazi. Wangoti zoyera."

Mlungu womwewo anasankha mabedi atatu a kumtunda, n'kupalapo manyowa onse amene anali atathira kale. Anabwera ndi dothi lina kuchokera pachulu. Anapita ku Kamwala n'kubwerako ndi feteleza wa yuliya m'kathumba ka pulasitiki. Atafika kudimba anandiitana kuti ndione. Anatapa pang'ono m'dzanja, timibulu toyera ngati mchere.

"Ichi ndiye chinthu choyera," anatero. "Ungagwire n'kukapemphera osasamba."

Anabwerekanso chopopera kwa a Blackson, n'kupopera mankhwala a mbozi pa mabedi atatuwo. Patatha milungu itatu repu uja anali wina. Masamba aakulu kuposa chikhatho cha Ababa, obiriwira modera, opanda bowo ngakhale limodzi. Anthu odutsa m'kanjira ankaima. Ababa anayamba kudzuka m'mawa akung'ung'udza nyimbo, chinthu chimene ndinali nditaiwala kuti amachita.

Masiku amenewo nkhani inali imodzi paliponse, ya chimanga cha thandizo chimene boma linkakana chifukwa chinali cha jiemo, chosinthidwa ndi asayansi. Kumidzi kunali njala. A Blackson ankapachika wailesi yawo pamtengo wa malubeni pafupi ndi chitsime, ndipo ankatsutsana nayo mokweza ngati munthu.

"Ba Hakim, mwamvela? Akuti ukadya ija milisi, mwana abadwa na makutu yatatu."

"Ndani wawona mwanayo?"

"Awe, nikali kumusakila. Koma ine nikamba so: banipase chabe saka imozi, niyese pali bapongozi banga. Bakapola, tonse tidya."

Ababa anaseka, koma kenako anatula keni yothirira n'kunena kuti, "Ine sindingadye chinthu chimene sindikudziwa kuti muli chiyani. Koma ine ndili ndi dimba, ba Blackson. Amene alibe dimba sindingamuyankhire."

Lachisanu lina masana, Ababa atapita ku mzikiti, ndinatsala ndikuthirira. Pa wailesi panali pulogalamu ya alimi ya m'Chinyanja. Bambo wina ankati jiemo ikalowa m'minda mbewu zathu zamakolo zidzasokonekera. Wina ankati munthu wanjala safunsa za mbewu. Kenako mayi wina anati pali njira ina, ulimi wa oganiki. Ndinaima ndi keni m'manja. Wofunsa anamupempha kuti afotokoze, ndipo mayiyo anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuuza mwana. Anati ndi kulima kopanda feteleza wa m'sitolo ndiponso kopanda mankhwala opopera. Manyowa okha, ndowe, zitosi, phulusa. Anati tsamba lobooka ndi umboni woti mbozi yadya n'kukhala moyo.

Madzi anali akutayikira pamapazi anga. A Blackson anali kutali, akupalira tomato, ndipo sanamve. Ndinayang'ana mabedi atatu a kumtunda, kenako asanu ndi anayi a kumunsi, aja a masamba onyozeka amene tinkadya ife eni. Amene madamu ankafuna anali akumunsiwo, monga mmene analili tsiku limene anawaona.

Kunali kutatsala mlungu umodzi kuti tikapereke mitolo yoyamba. Masiku awiri sindinanene kanthu. Ndinkadya, kutsuka mbale, kuyankha ndikafunsidwa. Ndinkadziuza kuti mwina mayi wa pa wailesi uja ankanena za oganiki wina. Lolemba ndinakwera minibasi ziwiri kupita ku Bauleni, n'kudikira a Magdalene pakhomo pawo mpaka ataweruka.

Nditawauza zonse anakhala pansi pa sitepe, n'kuvula nsapato imodzi.

"Iwe mwana. Fataleza? Na kupompa futi?"

"Ee."

"Manje uja mukazi, ngakhale sopo ya mbale amabelenga pa pepala kuti muli chani. Nenze kuganiza ba Hakim balibe ndalama ya fataleza, ndiye chifukwa ninabatchula." Anavulanso nsapato inayo. "Mvela. Ndani aziba?"

"Ine ndi inu."

"Basi. Khala zii. Repu siikamba. Musankheko tumasamba tung'ono, musakanize na ija ya vibowo pamwamba. Ngati afunsa chifukwa chake yakula, ukambe ati ni vitosi va nkhuku za mazila, vili na mphamvu. Bonse bamene bamuletela vinthu uganiza bakamba zoona? Ine nili na bana batatu, Nusra. Nine ninakuletani paja."

Njira yonse yobwerera ndinkaganiza kuti mwina akunena zoona. Palibe akanadwala. Repu wa feteleza ndi amene mzinda wonse unkadya, ndipo ifenso tikanamulima tikanakhala ndi ndalama. Anzake a madamu akanadya, n'kuyamikira, n'kubweranso. Ababa akanapitiriza kung'ung'udza nyimbo yawo. Bodza likanakhala langa ndekha, iwo osadziwa chilichonse. Koma Lachisanu lililonse akanaika dzanja pachifuwa pamaso pa mzimayi uja, ine ndili pambali ndikuona.

Lachitatu m'mawa ndinapeza Ababa atanjuta pa bedi lapakati, akuchotsa udzu ndi zala.

"Ababa, ndinalakwitsa kumasulira."

Sanatembenuke. "Tsiku? Si Lachisanu?"

"Liwu lija. Sindinalidziwe. Ndinangoganiza."

Ndinawauza zonse, za wailesi ndi za tanthauzo lake. Za a Magdalene sindinatchule. Ndikulankhula anaimirira pang'onopang'ono, n'kudzipukuta m'manja pa thalauza.

"Ukuti akufuna zitosi?"

"Ee."

"Zitosi za nkhuku. Zimene ndinapala."

"Ee, Ababa."

"Ndipo feteleza ndiye choipa."

"Kwa iwo."

A Blackson anali atafika pachitsime ndipo anamva mbali yomaliza. Anaseka mpaka anagwira mtengo wa malubeni.

"Ba Hakim! Zaka zonse izi muli na golide pa wilibala, imwe muyenda mubisa nkhope! Bazungu bafuna vinthu va bamphawi manje? Mubauze nili na nsapato yong'ambika, nayo ni oganiki."

Ababa sanaseke. Anadikira kuti a Blackson atunge madzi n'kuchoka. Kenako anandifunsa, ndipo mawu awo anali otsika.

"Akayang'ana tsamba, angadziwe?"

"Mwina angakayikire kukula kwake. Koma kudziwa ayi. Tikhoza kusakaniza ndi akumunsi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nyama ikakhala m'mbale," anatero, "iwe ungaione kuti iyi yazingidwa, iyi yangopotoledwa khosi?"

"Ayi."

"Palibe angaone. Ngakhale shehe. Munthu amadya mawu a amene wagwira mpeni. Mkhristu akandiitana, iye sakhulupirira kuti nkhuku yopotola ili ndi vuto. Kwa iye nkhuku ndi nkhuku. Koma sandiuza kuti, a Hakim, potolani msanga, alendo sadziwa." Anayang'ana mabedi aja. "Ine sindikuona choipa pa repu uyu. Ndi wabwino kuposa aliyense amene ndinalimapo. Koma lamulo ndi la wakudyayo."

Anatola khasu. Ndinkaganiza kuti azula zonse, koma anangolitsamira.

"Lachisanu tipita. Wokanena ndi iwe. Pakamwa pamene panakhotetsa ndi pomwe pakawongole."

Tsiku lonselo ndi lotsatira sanandilankhulenso, kupatula kundiuza kuti ndibweretse zingwe zomangira mitolo.

Lachisanu m'mawa tinathyola repu wa mabedi atatuwo, n'kudzaza matumba awiri aakulu. Ndinafunsa chifukwa chake tikunyamula ndiwo zimene akazikana. Anati munthu ayenera kuona ndi maso ake chimene akukana.

A Magdalene atatsegula geti anayang'ana m'thumba, kenako anandiyang'ana ine. Ndinayang'ana pansi. Anadziwa, ndipo anapita kukhitchini.

Madamu anatulutsa mtolo umodzi n'kuutembenuza. Nkhope yake inasintha pang'ono, koma ankamwetulirabe. Ndinali nditakonza mawu anga masiku awiri, ndipo anatuluka osatsatana bwino. Ndinati Ababa anathira feteleza ndi kupopera mankhwala. Ndinati sanachite mwachinyengo. Ndinati ine ndi amene sindinamve liwu lake ndipo ndinachita manyazi kufunsa, ndiye ndinawauza kuti akufuna ndiwo zoyera, ndipo kwa Ababa zitosi si chinthu choyera.

Madamu anaika mtolo uja patebulo. Kenako analankhula, ulendo uno pang'onopang'ono.

"Akuti sangatenge," ndinamasulira. "Anthu ake amabwera chifukwa cha liwu limenelo. Akufunsa za mabedi ena aja, a manyowa."

"Uwauze kuti ali pafupi. Tsiku limene ndinkapopera kunali mphepo, inkapita kumunsi. Komanso keni ndi imodzi."

Ndinazengereza. Mabedi akumunsi ndiwo anali mwayi wotsala. Ababa anandiyang'ana, ndipo ndinamasulira zonse, ndi za keni zomwe.

Madamu anapumira m'mwamba. Anati dothi limafuna nthawi kuti liyere, ndipo pakali pano apeza munthu wina chifukwa matebulo sangakhale opanda repu. Anati tidzabwerenso mvula ikatha, adzaone, koma sakulonjeza. Ababa anagwedeza mutu ngati zimenezo ndi zimene ankayembekezera. Kenako anati, "Uwafunse chinthu chimodzi. Repu uyu ndikukagulitsa ku Chawama. Kodi amene akadye adwala?"

Funsolo linamuvuta. Anafunsa kuti anapopera liti. Atamva kuti padutsa milungu yoposa itatu, anati ayi, akatsuka bwino sadwala. Anawonjezera zambiri, za dothi, za madzi a pansi, za zaka zambiri m'tsogolo, za zinthu zimene asayansi eni ake sanagwirizane. Zina ndinamva, zina ndinamupempha kuti abwereze, ndipo anabwereza. Ababa anamvetsera zonse mpaka kumapeto.

"Ndiye iwonso sakudziwa bwinobwino," anatero.

"Akuti akudziwa zina."

"Chabwino. Uwathokoze."

A Magdalene anatiperekeza kugeti. Sanandiyang'ane.

"Ba Hakim, mwanichitisa nsoni," anatero motsitsa mawu. "Manje azayamba kunifunsa na mazila yamene nimamuletela."

"Mazirawo ali ndi vuto?"

"Yendani bwino, ba Hakim." Anatseka geti.

Matumba aja ankalemera kwambiri pobwerera. Kondakitala anafuna kuti tilipirire mpando wake thumba limodzi, ndipo Ababa, amene nthawi zonse ankakangana pa zoterezi, anangolinyamula pamiyendo. Masamba ankawakhudza pachibwano. Nkhope yawo sindinkaiona bwino.

Tinatsikira pamsika wa Chawama dzuwa lili pamutu. Ababa anayala thumba lopanda kanthu pansi, pafupi ndi azimayi ogulitsa kapenta, ndipo tinasanja mitolo. Sipanapite nthawi mayi wina wobereka mwana anaima n'kutola umodzi.

"Iyi ndiye repu! Ni ya kuti, ba Hakim? Si ya jiemo iyi?"

"Ndi ya m'dimba mwanga. Koma ndikuuzeni, mayi, ndinathira feteleza, ndinapoperanso mankhwala. Mukatsuke bwino."

Mayiyo anawayang'ana modabwa. "Nanga ninafunsa? Nipaseni ibili."

Wachiwiri anamuuzanso chimodzimodzi, wachitatunso. Wina anaseka, wina anabweza mtolo n'kupita. Ambiri sankamvetsera n'komwe. Nthawi ya mapemphero a Lachisanu itayandikira, Ababa anaimirira n'kusasa fumbi pa thalauza. Thumba lachiwiri linali lisanatsegulidwe.

"Ukhale pano," anatero. Anali mawu oyamba amene anandiuza chichokereni ku Kabulonga. "Aliyense wogula umuuze."

"Ngakhale asafunse?"

"Ngakhale asafunse. Ndipo ukweze mawu, iwe umalankhulira m'mimba."

Anapita. Ndinakhala pa njerwa kuseri kwa mitolo, ndikuyang'ana mapazi a anthu odutsa. Kenako mapazi awiri a patapata wofiira anaima patsogolo panga, ndipo dzanja linatsika kudzatola mtolo.

"Zingati, mwana?"

Ndinadzutsa mutu. "Mayi, muli feteleza," ndinatero.

"Ati bwanji?"

Ndinabwereza mokweza, mpaka mayi wa kapenta anatembenuka.